Zolemba za Ntchito ya Maiwe Oyeretsera Madzi a Suweji ndi Mmene Ikukhudzira Mtsinje

Mwezi woyamba chitsegulireni malowa

Ntchito yomanga yatha, ndipo madzi a suweji ochokera kusukulu yogonera komweko, kuchipatala chaching'ono ndiponso kunyumba zonse zimene zinalumikizidwa ku mapaipi ayamba kulowa m'maiwe. Malowa ndi aang'ono, ndipo mulibe makina alionse oyendera magetsi. Madzi akafika amayamba adutsa pa sefa ya zitsulo imene imatchinga nsanza ndi mapepala apulasitiki, kenako amayenda pang'onopang'ono m'kangalande kamene kanamangidwa kuti mchenga uzitsalira pansi, ndipo akachoka pamenepo amalowa m'maiwe asanu otsatizana. Dziwe loyamba ndi lakuya mamita 3, ndipo m'kati mwake mulibe mpweya wa okosijeni. Mmenemo zolimba zonse zimamira n'kumawolera pansi. Lachiwiri ndi lotambalala kuposa onse, koma kuya kwake ndi mita imodzi ndi theka, kuti dzuwa lizilowa m'madzi, ndere zizimera pamwamba ndi kupereka okosijeni kwa mabakiteriya amene amadya zonyansa zotsala. Maiwe atatu otsiriza ndi osaya, mita imodzi yokha, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kupha tizilombo toyambitsa matenda madzi asanatulukire mumtsinje.

Anthu ena akhala akufunsa chifukwa chimene sitinaikire makina opopera mpweya m'madzi monga amachitira m'mizinda ikuluikulu. Njira imeneyo, imene Edward Ardern ndi William Lockett anaiyambitsa ku Manchester mu 1914, imayeretsa madzi mofulumira ndiponso pa malo ochepa, koma imalira magetsi osazima usana ndi usiku, zitsulo zosinthira zikatha, ndi katswiri wokhala pamalo nthawi zonse. Kumudzi, kumene malo alipo okwanira koma magetsi ndi osadalirika, maiwe ndiwo amapirira, popeza chimene chimawayendetsa ndi dzuwa, mphepo ndi nthawi.

Tisanatsegulire suweji, tinayamba tadzaza dziwe lachiwiri ndi atatu otsiriza aja ndi madzi a mumtsinje, kuti ndere ziyambe kumera komanso kuti tione ngati dothi la pansi ndi la m'zipupa likutaya madzi. M'dziwe loyamba tinathiramo matope akuda ochokera m'dziwe lina lakale limene likugwira ntchito bwino, kuti mabakiteriya oyenera akhalemo kuyambira pachiyambi ndipo fungo lisachuluke.

Mfundo imene tagwirizana, ndipo ndikufuna ilembedwe pano koyambirira, ndi yakuti ntchitoyi tidzaiweruza poyang'ana mtsinje. N'zotheka kuti madzi otuluka pakamwa pa paipi akwaniritse malire onse olembedwa m'malamulo, koma mtsinje umene ukuwalandira n'kumadwalabe. Pa chifukwa chimenechi tasankha malo anayi otungapo madzi okayeza: kumtunda kumene madzi athu sanafike, pakamwa pa paipi penipeni, kumunsi pang'ono pamene madzi awiriwa asakanikirana, ndi kumunsi kwambiri, pa dziwe lachilengedwe la mumtsinje limene lili pamthunzi wa mitengo. Malo onsewa tinawayeza kale tisanatsegule paipi, nthawi imene zonyansa za m'maenje osefukira zinkatsata ngalande n'kukagwera mumtsinje momwemu, choncho tili ndi poyerekezera.

Mwezi wachitatu

Dziwe lachiwiri lasanduka lobiriwira kwambiri, ndipo chimenechi ndi chizindikiro chabwino, chifukwa zikusonyeza kuti ndere zakhazikika. Bambo amene amayang'anira malowa tsiku ndi tsiku tawafotokozera kuti mtundu wa madzi ndiwo uthenga woyamba umene dziwe limapereka. Likayamba kutuwa, ndiye kuti ndere zikufa ndipo okosijeni akutha. Likafiirira, ndiye kuti mabakiteriya odya salufa achuluka chifukwa zonyansa zikulowa zambiri kuposa zimene dziwelo lingathe. Iwo amalemba mtundu wa dziwe lililonse m'buku m'mawa uliwonse, ndipo bukuli layamba kale kutithandiza kumvetsa zotsatira za kulabotale, zimene zimafika patapita masiku.

Ntchito yolemetsa kwambiri ili pa sefa ya zitsulo. M'mawa amakokolola ndi chipangizo chokhala ngati reki zonse zimene zakodwa usiku: nsanza zopotana pazitsulo, matewera a ana otupa ndi madzi, timapepala tapulasitiki, zivindikiro za mabotolo, nthawi zina ndi mabandeji. Amazisiya pa thabwa lobooka kuti madzi akhe kubwerera m'ngalande, kenako amakazikwirira m'dzenje ndi kuthirapo dothi tsiku lomwelo, kuopa ntchentche. Sefa ikangokhala tsiku limodzi osakokololedwa, madzi amakwera kumbuyo kwake mpaka kufika m'milomo ya ngalande, ndipo akasefukira pamenepo amapita kumtsinje osadutsa m'dziwe ngakhale limodzi. Ndaona kuti pokonza mapulani a malo ngati awa anthu amakambirana kwambiri za kukula kwa maiwe, koma za magolovesi, nsapato zajombo, sopo ndi malipiro a munthu wokokolola sefa amazitchula komalizira, pamene chitetezo cha mtsinje chimayambira m'manja mwa munthu ameneyu.

Pamwamba pa dziwe loyamba payamba kuundana chikhungu cha mafuta ndi zoyandama, ndipo tachisiya dala chifukwa chimatchinga fungo. Pa maiwe enawo zoyandama zonse zikuchotsedwa, chifukwa zimatseka dzuwa. Udzu wa m'mphepete ukumwetedwa kuti usagwere m'madzi, popeza udzudzu umaikira mazira pamalo abata otero, osati pakati pa dziwe pamene mphepo imawindula madzi.

Zotsatira zoyamba za BOD zafika. Muyeso umenewu umasonyeza kuchuluka kwa okosijeni amene mabakiteriya amagwiritsa ntchito podya zonyansa za m'lita imodzi ya madzi, botolo litasungidwa mumdima kwa masiku 5 pa madigiri 20. Madzi otuluka ali m'kati mwa malire amene tinapatsidwa, ndipo mtsinje, umene ukadali ndi madzi ambiri otsala ndi mvula, sukusonyeza kusiyana kwenikweni pakati pa kumtunda ndi kumunsi. Poyerekeza ndi nthawi ya maenje osefukira ija, mabakiteriya a E. coli, amene amasonyeza kuti m'madzi muli zonyansa za m'chimbudzi, achepa kwambiri kumunsi.

Mwezi wachisanu

Nyengo yozizira yafika, ndipo chiwerengero cha E. coli pakamwa pa paipi chakwera, ngakhale kuti sichinafike pamene chinali kale. Mbali ina ya kukweraku tinkaiyembekezera. Gerrit Marais, katswiri wa ku South Africa, anasonyeza mu 1974 kuti liwiro limene mabakiteriya a m'chimbudzi amafera m'maiwe limasintha ndi 19 peresenti pa digiri iliyonse, moti madzi akazizira kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 15, liwirolo limatsika kupitirira theka. Masamu ake omwewo ndi amene anatichititsa kumanga maiwe atatu ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu. Pa madigiri 20, dziwe limodzi losunga madzi masiku 15 limachepetsa mabakiteriyawa maulendo 40, pamene maiwe atatu otsatizana, lililonse losunga madzi masiku 5, amawachepetsa maulendo oposa 2,700, malo ake ali ofanana.

Koma masamu amenewa amagwira ntchito pokhapokha madzi akukhaladi m'dziwe masiku onse amene anawerengedwa. Pofuna kuona zimenezi tinaponya mabotolo othira madzi theka polowera pa dziwe lachinayi, ndipo masana a tsiku lamphepo mabotolowo anawoloka dziwe lonse n'kukafika potulukira dzuwa lisanalowe. Mphepo ya nyengo ino ikuwomba motsata mzere wochokera polowera kupita potulukira, ndipo ikukankha madzi a pamwamba kuti adutse mwachidule, pamene madzi a m'makona akungokhala osasuntha. Taika chotchinga cha matabwa ndi pepala lolimba lapulasitiki chimene chikudutsa gawo lalikulu la m'lifupi mwa dziwelo, kuti madzi azizungulira, ndipo potulukira tapakonza kuti pazitenga madzi a pansi pang'ono, osati a pamwamba penipeni. Zotsatira za sabata zotsatira zasonyeza kuti chiwerengero chayambanso kutsika.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri

Chilimwe chafika pachimake, ndipo zimene tikuona tsopano ndizo zofunika kwambiri pa zonse zimene zalembedwa m'buku lino. Maiwe akugwira ntchito bwino kuposa nthawi ina iliyonse, chifukwa kutentha ndi dzuwa ndizo mphamvu yawo, E. coli watsika kwambiri, ndipo m'madzi otuluka sitikupezamo mazira a njoka zam'mimba, amene amamira m'maiwe oyambirira. Munthu wongowerenga pepala la kulabotale anganene kuti zonse zili bwino. Koma mtsinje waphwa kwambiri, moti m'malo ena munthu akhoza kuudumpha, ndipo madzi athu, amene kuchuluka kwake sikusintha chaka chonse, tsopano ndi gawo lalikulu la madzi onse amene akuyenda kumunsi kwa paipi.

Apa m'pofunika kukumbukira kumene malire otchuka a madzi otuluka anachokera. Mu 1912, bungwe la Royal Commission on Sewage Disposal la ku Britain linalimbikitsa kuti madzi otayidwa mumtsinje asapitirire mamiligalamu 20 a BOD ndi mamiligalamu 30 a zolimba zoyandama pa lita. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti manambala amenewa anawerengedwa poganizira kuti mtsinje uli ndi madzi ochuluka maulendo 8 kuposa otayidwawo. Masamu ake ndi osavuta: lita imodzi ya BOD 20 ikasakanikirana ndi malita 8 a madzi abwino a BOD 2, zotsatira zake ndi 4, ndipo mtsinje umatha kupirira zimenezo. Koma madzi a mumtsinje akakhala malita 2 okha pa lita iliyonse yathu, zotsatira zake ndi 8, ndipo akafanana kuchuluka, ndi 11. Madzi otuluka m'paipi ndi omwewo, sanaipe ngakhale pang'ono, koma mtsinje ukusenza katundu wowirikiza kawiri kapena kuposa. Uli ngati munthu wofooka ndi matenda amene akusenzetsedwa mtolo umene ankaunyamula ali ndi mphamvu.

Kutentha kukuwonjezera vutoli. Madzi a madigiri 20 amatha kusunga okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 9.1 pa lita, pamene a madigiri 30 amasunga pafupifupi 7.6 okha, ndipo nthawi yomweyo mabakiteriya amadya mofulumira m'madzi ofunda. Nsomba zambiri zimayamba kuvutika okosijeni akatsika pansi pa mamiligalamu 5. Harold Streeter ndi Earle Phelps, pofufuza mtsinje wa Ohio ku America, anafotokoza mu 1925 kuti malo amene okosijeni amatsika kwambiri sakhala pakamwa pa paipi, koma kumunsi, pamene mabakiteriya apeza nthawi yodya zimene zathiridwa, ndipo kupyola pamenepo mtsinje umayambanso kuchira pokoka mpweya wa mumlengalenga. Kwa ife malo otsikitsitsawo akugwera ndendende pa dziwe lachilengedwe la pamthunzi lija, pamene madzi amayenda pang'onopang'ono ndipo palibe mathithi kapena miyala yowawindula.

Tikayeza masana, okosijeni pamalopa amaoneka wokwanira, nthawi zina woposa wa kumtunda, chifukwa ndere zochokera m'maiwe athu zimakhala zikupanga mpweyawu dzuwa likamawala. Tikayeza m'bandakucha, nkhani imakhala ina. Usiku wonse ndere zomwezo zimakhala zikupuma ndi kutha okosijeni pamodzi ndi mabakiteriya, ndipo pofika nthawi imene kukuyamba kuyera, muyeso umakhala uli pansi pa malire amene nsomba zimafuna, pamene kumtunda uli bwinobwino. Kuyambira tsopano muyeso wa m'bandakucha ndiwo tiziulemba monga muyeso weniweni wa mtsinje, ndipo wa masana uzingokhala wowonjezera.

Mwezi wachisanu ndi chitatu

Tatembenuza miyala ya mumtsinje pa malo onse anayi, motsata njira ya miniSASS imene inakonzedwa ku South Africa kuti anthu wamba ndi ana asukulu azitha kudziwa thanzi la mtsinje poona tizilombo tokhala pansi pa madzi. Ubwino wa njirayi ndi wakuti botolo la madzi limangonena za mphindi imene linatungidwa, pamene tizilomboti timasonyeza zimene zakhala zikuchitika kwa masabata ambiri, usiku womwe.

Kumtunda, pansi pa mwala uliwonse panali moyo wamitundumitundu. Panali tizilombo taphanthiphanthi ta michira itatu, tokhala ndi timasamba topumira m'mbali mwa mimba, timene timathamangira kumbuyo kwa mwala ukangoutulutsa m'madzi. Panali mphutsi zimene zimadzimangira tinyumba ta mchenga ndi tizidutswa ta mitengo n'kumayenda nato. Panali ana a tombolombo ndi nkhanu zing'onozing'ono. Pa dziwe la pamthunzi miyala inali yoterera, yokutidwa ndi ulusi wotuwa, ndipo titavundula matope tinapeza mphutsi zofiira ngati magazi zambirimbiri, zimene zimatha kukhala m'madzi opanda okosijeni wokwanira chifukwa m'thupi mwake muli chinthu chosunga mpweyawu chofanana ndi cha m'magazi athu. Tizilombo ta michira itatu tija sitinatipeze pamenepo. Titapitirira kumunsi, kudutsa pamene mtsinje umatsetsereka pamiyala, tinayambanso kutiona, ngakhale tochepa. Choncho chigawo chovulala chili ndi poyambira ndi pothera, ndipo tachilemba pamapu.

Pali zinthu ziwiri zimene zikuvulaza chigawochi, kuwonjezera pa kuchepa kwa madzi. Choyamba ndi ndere. Gawo lalikulu la BOD ya madzi otuluka m'maiwe si zonyansa za m'chimbudzi ayi, koma ndere zamoyo, ndipo n'chifukwa chake lamulo la mayiko a ku Ulaya la mu 1991 linalola kuti madzi a m'maiwe azisefedwa asanayezedwe, bola zolimba zoyandama zisapitirire mamiligalamu 150 pa lita. Chilolezo chimenechi n'chomveka pa mtsinje waukulu, mmene ndere zimabalalika ndi kudyedwa ndi tizilombo tina. Koma pa mtsinje wophwa, ndere zikalowa pamthunzi ndi pamadzi odekha zimafa, zimamira, ndipo zimawolera pansi monga zonyansa zina zilizonse. Maganizo anga ndi akuti pa malo athu sitiyenera kudzitonthoza ndi muyeso wa madzi osefedwa, chifukwa mtsinje umalandira madzi osasefa.

Chachiwiri ndi amoniya, mtundu wa naitrojeni umene umachokera mu mkodzo ndi zonyansa zowola. Mabakiteriya a mumtsinje akamasintha amoniya kukhala naitireti, amagwiritsa ntchito okosijeni wokwana pafupifupi mamiligalamu 4.6 pa miligalamu iliyonse ya naitrojeni, ndipo gawo lalikulu la okosijeni ameneyu silioneka pa muyeso wa BOD wa masiku 5. Komanso amoniya payekha ndi poizoni kwa nsomba, ndipo ukali wake umadalira pH ya madzi, muyeso umene umakwera asidi akamachepa m'madzimo. Pa madigiri 25, madzi a pH 7 amakhala ndi amoniya wa mtundu woopsawo wosakwana 1 peresenti, a pH 8 amakhala ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo a pH 9 amakhala ndi woposa gawo limodzi mwa magawo atatu. Masana, ndere za m'maiwe otsiriza zimakweza pH kupitirira 9, zimene zimathandiza kwambiri kupha mabakiteriya a m'chimbudzi, koma madzi omwewo akatulukira mumtsinje wochepa madzi amafika ndi amoniya pa nthawi imene ali woopsa kwambiri. Chimene chikuteteza anthu ku matenda otsegula m'mimba ndi chomwecho chimene chikusautsa nsomba, ndipo ziwiri zonsezi ziyenera kusamalidwa, osati kusankhapo chimodzi.

Mwezi wachisanu ndi chinayi

Tinakumana ndi anthu amene amagwiritsa ntchito mtsinjewu kumunsi: ochapa, omwetsa ziweto ndi othirira mbewu m'mphepete. Tisanawauze chilichonse, iwo anatiuza okha kuti madzi abiriwira, kuti m'mawa pa dziwe la pamthunzi pamamveka kafungo, ndiponso kuti tinsomba timene tinkaoneka pamenepo tasamukira kumunsi. Zonsezi zikugwirizana ndi zimene tayeza, ndipo iwo anaziona ife tisanazitsimikize. Anavomerezanso kuti zonyansa zooneka ndi maso zimene zinkabwera ndi ngalande yakale zinatha. Tinawafotokozera mosabisa kuti madzi otuluka m'maiwe ndi oyeretsedwa koma si akumwa, ndipo ana asamasambe pafupi ndi paipi.

Pamsonkhano womwewo m'pamene panatuluka njira imene tayamba kuitsatira. M'chilimwe mtsinje sukufuna madzi athu, koma nthaka youma ikuwafuna, pamodzi ndi naitrojeni ndi fosifolasi zimene zili mmenemo. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a mu 1989 anati madzi othirira mbewu zodyedwa zosaphika asakhale ndi mabakiteriya a m'chimbudzi oposa 1,000 pa mamililita 100, ndiponso asapitirire dzira limodzi la njoka zam'mimba pa lita. Madzi athu a nyengo ino akukwaniritsa zimenezi, komabe tasankha kuyamba ndi mitengo ndi udzu wa ziweto pa munda umene uli m'munsi mwa maiwe, chifukwa tikufuna tione zotsatira za chaka chathunthu tisanalole kuthirira ndiwo zamasamba. Takumba ngalande zogawa madzi m'mundamo, ndipo gawo lalikulu la madzi otuluka likupita kumeneko. Muyeso wa m'bandakucha pa dziwe la pamthunzi wayamba kukwera, koma miyala ikadali yoterera, chifukwa matope amene anaunjikana pansi sanathe kuwola.

Mwezi wakhumi

Mvula yoyamba yamphamvu yabweretsa mavuto ena. Madzi olowa m'maiwe anachuluka mwadzidzidzi kuposa nthawi zonse, ndipo titatsata mapaipi tinapeza kuti nyumba zina zinalozetsa madzi a padenga m'mapaipi a suweji, komanso zivindikiro zina za m'njira zili m'munsi moti madzi othamanga amalowera pamenepo pamodzi ndi mchenga. Madzi ochuluka chotere amafupikitsa masiku amene suweji imakhala m'maiwe, amakokolola ndere, ndipo amavundula matope a m'dziwe loyamba. Zivindikirozo zakwezedwa, ndipo eni nyumba apemphedwa kuchotsa mipope ya padenga. Pachipupa cha dziwe lachitatu mvula inakumba kangalande, ndipo tapakwirira ndi kubzalapo udzu woyanga.

Mtsinje wadzaza, ndipo wakokolola matope a pa dziwe la pamthunzi. Tatsegulanso paipi yopita kumtsinje popeza munda wakhuta madzi. Chofunika kulemba n'chakuti masiku a mvula madzi a kumtunda, kumene madzi athu safikako, akumakhala ndi E. coli wambiri kuposa madzi otuluka m'maiwe athu, chifukwa mvula ikukokolola ndowe za ziweto, zimbudzi zosefukira ndi dothi la m'minda. Zimenezi sizikutichotsera udindo wa zimene zinachitika m'chilimwe, koma zikusonyeza ubwino wokhala ndi malo oyezera kumtunda, kuti chilichonse chizilembedwa pa gwero lake lenileni.

Mwezi wakhumi ndi chiwiri

Tamaliza kumanga bedi la bango pakati pa dziwe lotsiriza ndi mtsinje. Njira yoyeretsa madzi ndi zomera za m'dambo inayamba ndi kafukufuku wa Käthe Seidel ku Germany m'zaka za m'ma 1950. Bedi lathu ndi dzenje lotambalala lodzazidwa ndi miyala ing'onoing'ono kuya masentimita 60, ndipo madzi amayenda pansi pa miyalayo osaonekera pamwamba. Ndere zikalowa mumdima wa m'miyala zimakodwa ndi kufera momwemo m'malo mokafera mumtsinje, ndipo udzudzu supeza poikira mazira. Ena anapereka maganizo oti tiike namasupuni pa dziwe lotsiriza kuti atchinge dzuwa, koma takana, chifukwa chomera chimenechi chikangopulumukira mumtsinje chimafalikira mofulumira ndipo kuchichotsa n'kovuta kwambiri.

Sitikuyembekezera kuti bedili lithetsa zonse. Pansi pa miyala okosijeni ndi wochepa, choncho amoniya sachepa kwambiri mmenemo, ndipo fosifolasi wambiri adzadutsabe. N'chifukwa chake kumapeto kwa bedi tamanga masitepe a miyala kuti madzi azigwa ndi kuwinduka asanafike mumtsinje, ndipo kuthirira munda m'chilimwe kupitirira monga njira yaikulu. Bango langobzalidwa kumene, ndipo mizu yake idzatenga nyengo yathunthu kuti ifike pansi.

Tayezanso matope a m'dziwe loyamba pogwiritsa ntchito ndodo yaitali yokulungidwa ndi thaulo loyera. Ndodoyo imatsitsidwa mowongoka mpaka pansi kuchokera m'bwato, ndipo ikatulutsidwa pang'onopang'ono, pamene thaulo lada m'pamene matope afika. Kumadera otentha munthu mmodzi amawonjezera matope okwana pafupifupi malita 40 pa chaka, ndipo dziwe liyenera kupopedwa matopewo akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake. Panopa akadali kutali ndi pamenepo, kupatula pafupi ndi polowera pamene aunjikana ngati chulu. Malo oumitsira matopewa tawasankha kale, kutali ndi mtsinje ndiponso pamwamba pa pamene madzi osefukira amafika, ndipo adzasungidwa chaka chimodzi kapena kupitirira asanathiridwe m'munda, chifukwa mazira ambiri a njoka zam'mimba amene sanatuluke ndi madzi ali mmenemo, ndipo amakhala ndi moyo nthawi yaitali.

Ntchito imene yatsala chilimwe chisanafike ndi kuzika mzati woyezera kuya kwa madzi mumtsinje, kumtunda pang'ono kwa paipi, ndi kujambulapo mzere wofiira pamene madzi a mumtsinje amakhala ochuluka maulendo 8 kuposa athu. Kuti tipeze malo a mzerewo tiyenera kuyeza liwiro ndi kuya kwa mtsinje kangapo pamene ukuphwa miyezi ikubwerayi. Madzi akadzatsika kufika pamzerewo, bambo oyang'anira malowa adzatseka paipi yopita kumtsinje ndi kutsegulira ya kumunda popanda kudikira chilolezo kwa wina aliyense, ndipo lamulo limeneli lalembedwa kale m'buku lawo. Tikufunikanso kuwerengera ngati munda umene ulipo ungamwe madzi onse a chilimwe chathunthu popanda kusanduka dambo, chifukwa ngati sungathe, tiyenera kupeza malo owonjezera ndi kukumba ngalande zake dothi likadali lofewa.